Tsiku Limene Fraji Anathamanga

Ku Tatawini kwathu tinali ndi wansembe mmodzi yekha, ndipo ntchito yake inali yokhoma zidebe. Musaseke. Kwa ife Ayuda unsembe sachita kuphunzira kusukulu, munthu amabadwa nawo ngati mphuno ya bambo ake, ikhale yowongoka kapena yokhota. Fraji Kohen anabadwa nawo. Bambo ake atamwalira unatsalira iye yekha, ndipo m'sunagoge mwathu munalibenso wina wa mtundu umenewo.

Mkati mwa sabata anali Fraji basi. "Fraji, ndowa yanga ikudontha." "Fraji, pulaimasi unakonza uja wayambanso kutsokomola." Ankakhala pakhomo pa kashopu kake pafupi ndi msika wa ubweya, manja ali bii ndi mwaye, zala zili zipsera zokhazokha. Koma Loweruka m'mawa, pemphero likafika pakati, mkulu Bishi, amene anali Mlevi wathu, ankanyamula mtsuko n'kumuthira madzi m'manja monga lamulo linenera, uku akung'ung'udza chapansipansi: "Chitsime chiphwa, a Kohen, manja awa asanayere." Akatero Fraji ankaima kutsogolo wopanda nsapato, n'kudzifunda nsalu yopempherera mpaka kumaso, n'kukweza manja omwe aja. Abambo ankakokera ana awo pansi pa nsalu zawo, amayi, amene ankapempherera kunja pazenera, ankawerama, ndipo mawu amene ankatuluka pansi pa nsalu ija simukanati ndi a munthu amene dzulo lake mumakangana naye za chivundikiro cha poto. Ankatidalitsa, ndipo ngakhale ife osamva tinkakhala duu. Mpukutu wa Chilamulo ukatulutsidwa, woyamba kuitanidwa kukaima pambali pake anali iyeyo. Olemera ankadikira. Rebi Sasi amene, mphunzitsi wathu, nawonso ankadikira.

Chilema chake chinali chimodzi, kuzengereza. Ankayenda ngati bilimankhwe, mwendo m'mwamba kaye, kuganiza, ndiye kuponda. Ali mnyamata anakonda Mezyana, mwana wa wophika buledi, mtsikana wa pakamwa pakuthwa ngati lumo. Tawuni yonse inadziwa, abulu a pamsika omwe anadziwa. Chaka chinatha iye akuphikabe mawu oti akanene kwa bambo a mtsikanayo. Pamene mawuwo ankapsa, n'kuti mnzake wa ponda apa m'pondepo, Uzifa wogulitsa ubweya, atapita kale, atalankhula kale, atamwa kale kachasu wa nkhuyu ndi apongozi. Fraji anawakhomera beseni lalikulu la ukwati, anavinako pang'ono, ndipo anakhala osakwatira. Kunyumba kwa Uzifa sanasiye kupitako. Ankadya nawo kusikusi, chakudya chathu cha tirigu, maso ali m'mbale.

Zaka zinapita, Uzifa ndi Mezyana sanaone mwana. Nkhondo ya Ajeremani itangotha, Uzifa anadwala chifuwa, ndipo chinali chifuwa chosamva mankhwala.

Apa ndiyenera kukuuzani lamulo limodzi, ngakhale kuti ine sukulu ndinangoinunkhiza. Mwamuna akafa wopanda mwana, mkazi wake amakhala womangika kwa m'bale wa malemuyo. M'baleyo amulowe chokolo, apo ayi amumasule pamaso pa akulu ndi mwambo wovula nsapato. Popanda chimodzi mwa ziwirizi mkaziyo sangakwatiwenso mpaka kalekale. Tsono Uzifa anali ndi mng'ono wake, Makhlufu, amene anapita ku Tripoli nkhondo isanayambe ndipo anangoti zii. Ndani akanamufunafuna? Njira yotsala inali imodzi: mwamuna asudzule mkazi wake mpweya ukadalipo. Wosudzulidwa samangika kwa mlamu.

Linali Lachisanu masana. Amayi anali atayamba kale kunyamula miphika ya Sabata kupita nayo ku uvuni, ndipo dzuwa likapendeka mkulu Bishi ankakwera padenga kukaliza lipenga la nyanga ya nkhosa. Lipenga likalira, cholembera sichikhudzanso pepala mpaka Sabata itatuluka. Uzifa anaona yekha kuti Sabata imeneyo sailambalala. Anatumiza mawu kwa Fraji, ndipo Fraji anafika.

"Iwe bilimankhwe," anatero ali pamphasa, mawu akutuluka movutikira, "lero lokha uthamange. Kaitane a Rebi, abwere ndi inki."

"Ine sindikufuna," Mezyana anatero. "Ndakuphikirani zaka zonsezi kuti mundisudzule muli chigonere? Anthu adzati chiyani?"

"Ndiye ukufuna kudikira Makhlufu? Munthu anabwereka bulu wanga osabweza uja, adzachoka ku Tripoli kudzamasula iwe? Fraji, waimiranji?"

Fraji anathamanga. Ine ndinaona ndi maso angawa, ndipo ndikanena ana amati agogo mukunama. Anadutsa pamsika mkanjo atakwinya m'manja, nsapato imodzi atasiya pakhomo pa Uzifa, mpaka Aluya ogulitsa ubweya anaimirira kufunsa ngati kwabuka moto. A Rebi anawapeza kosambira, ndevu zikudontha madzi.

A Rebi Sasi anali munthu wamfupi, wosafulumira kuyankha. Anamvetsera mpaka Fraji atamaliza.

"Mwana wanga, ukudziwa chimene ukundithamangitsira? Wansembe amaloledwa kukwatira mkazi wamasiye. Wosudzulidwa saloledwa."

Fraji anachita manyazi kuti a Rebi nawonso akudziwa zimene abulu ankadziwa. Koma anayankha.

"Ndikudziwa, a Rebi. Koma ndinu munatiphunzitsa kuti womasulidwa ndi mlamu wake nayenso saloledwa kwa wansembe. Kwa ine zitseko zonse n'zotseka kale. Tsegulani chake chokha."

"Ndiye kuti pa chiphunzitso cha Loweruka masana sumagona ayi," a Rebi anatero, n'kuvala nduwira.

Anathamanga onse awiri, Fraji atanyamula inki, akukoka mboni ziwiri panjira ngati mbuzi. Kalata ya chisudzulo si yolemba mwachisawawa, chilembo chimodzi chikapindika yonse yafa. A Rebi analemba thukuta lili kamukamu, Fraji akusuzumira dzuwa pazenera. Uzifa anaiika m'manja mwa Mezyana, mkaziyo akulira mokwiya, ndipo inki isanaumitsitse lipenga linalira padenga. Uzifa anamwalira Loweruka madzulo. Anthu anamutamanda Fraji. Amayi ankati, mnzako weniweni ndi ameneyu. Iye ankangogwedeza mutu, ndipo ndikhulupirira kuti mumtima mwake munali mtendere wa munthu amene wataya chinthu chimene sichinali chake.

Mtendere umenewo sunathe miyezi iwiri. Kunabwera Myuda wina wamalonda a nsalu wochokera ku Tripoli, Sabata inamupeza kwathu, ndipo mkulu Bishi anamutengera kunyumba kukadya. Fraji analinso pomwepo. Pakati pa chakudya Bishi anafunsa mongocheza ngati mlendoyo anamvapo za Makhlufu.

"Makhlufu wa kuno ku Tatawini? Wamtali, wangongole uja? Anafa kalekale ameneyo, ndi matenda a nthawi ya nkhondo. Maliro ake ndinanyamula nawo ine ndemwe. Kodi simunamve?"

Tonse tikanakhalapo tikanasiya kudya, ndipo amene analipo anasiyadi. Mlendo anayang'ana uku ndi uku, osadziwa chimene waswa. Mlamu kunalibe. Tsiku limene Uzifa ankamwalira, Mezyana sanali womangika kwa munthu aliyense. Fraji akanayenda monga mwa masiku onse, lipenga likanawapeza panjira, ndipo Mezyana akanakhala wamasiye wamba, wololedwa kwa wansembe.

Bishi pakamwa pake panalibe chitseko. "Fraji, Fraji," anatero, "moyo wako wonse wathamanga kamodzi kokha, ndipo unathamangira kukadzitsekera panja."

Palibe anaseka. Fraji anapukuta manja, anathokoza mayi a m'nyumba, n'kutuluka pang'onopang'ono.

A Rebi Sasi anayesetsa, zimenezo ndiwachitire umboni. Anatsitsa mabuku amene fumbi lake linali la agogo awo. Anafunsa kwa aphunzitsi akuluakulu a ku Jerba. Anatenga kalata ija n'kuiunika padzuwa, kufunafuna kachilembo kopindika kamene kakanaipha. Pomaliza anamuitana Fraji.

"Ndinailemba bwino kwambiri, mwana wanga. Ndikanakonda dzanja likananjenjemera tsiku lija."

Nthawi ya maliro itatha, Mezyana anafika kushopu ndi ketulo. Fraji anaitembenuza, anaiunika, anaigogoda.

"Mayi, ketuloyi ilibe bowo."

"Ndikudziwa. Mumafuna ndibwere chimanjamanja kwa mwamuna pakati pa msika?" Anakhala pa chidebe. "Tamverani, a Kohen. Ine sindine mwana, inunso tsitsi layamba kuthawa. Ku Gabesi kuli ofesi ya Afalansa, amakwatitsa aliyense, safunsa za agogo ake a munthu. Galimoto imapita Lachiwiri lililonse."

Fraji anaika ketulo pansi. Ankadziwa mtengo wake, ndipo Mezyana ankaudziwanso. Wansembe wokwatira wosudzulidwa sakwezanso manja pa anthu, saitanidwanso koyamba ku mpukutu, ndipo ana ake aamuna sakhala ansembe.

"Nanga Loweruka adzadalitsa anthu ndani?" anafunsa.

"Mulungu alibe manja akeake?"

"Mayi, musatero."

"Ndatero kale. Mukuti bwanji?"

Fraji anayang'ana zala zake. Amene anali pafupi amati milomo yake inayamba kunena kuti inde. Koma chimene chinatuluka n'chakuti, "Dikirani zikondwerero zidutse. Sindingawasiye anthu pa Tsiku la Chitetezero opanda mdalitso."

"Chabwino," Mezyana anatero. "Zidutse."

Amene amadziwa kalendala yathu akuseka kale. Kwa Myuda zikondwerero sizidutsa. Chitetezero chikatha pali Misasa, Misasa ikatha chikondwerero cha nyali chayandikira, ukangophethira amayi ayamba kukolopa nyumba kukonzekera Pasika. Ndipo pakati pa zonsezi pali Sabata, imene siphonya. Nthawi iliyonse panali chifukwa. Uku mkazi wa wosula siliva ali ndi pakati povuta ndipo wapempha kuti Fraji amukumbukire pokweza manja. Uku mvula yakana. Uku mwana woyamba kubadwa akufunika kuwomboledwa kwa wansembe, ndipo wansembe wina ali kutali, ulendo wa tsiku lathunthu.

A Rebi sanamuopseze. Anangomuuza kamodzi kuti, "Lamulo ukulidziwa, sindingalisinthe. Koma chingwe sindikumanga nacho." Anthu ndi amene anamumanga, ndi ulemu. Ndipo poti mwini wake anapita, ndinene zimene ankabisa: Fraji ankakukonda kuitanidwa koyamba kuja. Munthu amene sabata yonse amamutchula dzina ngati mwana, Loweruka olemera n'kumupatukira njira, si chinthu chapafupi kuchisiya. Mantha a Mulungu analipo, chisoni cha anthu chinalipo, koma kakomedwe nakonso kanali m'thumba lomwelo, ndipo iye mwini sankatha kuzilekanitsa.

Chaka chilichonse, Pasika ikangodutsa, kuwerenga kwa mlungu ndi mlungu kunkafika pa malamulo a ansembe. Ndime yoletsa wansembe kukwatira wosudzulidwa ili koyambirira kwenikweni, m'gawo la woitanidwa woyamba. Choncho Fraji ankaitanidwa, ankapsompsona mpukutu, n'kuima pomwepo mawuwo akuwerengedwa m'khutu mwake, kenako n'kuthokoza Mulungu mokweza chifukwa chotipatsa Chilamulo. M'sunagoge monse anthu ankayang'ana pansi. Masana ake tinkakhala pamphasa kumva chiphunzitso, mimba zitadzaza tirigu ndi nyemba za mu uvuni, theka la ife tikuwodzera. A Rebi, amene sankalumpha kanthu, mlungu umenewo ankayambira pakati. Ankatha masana onse akufotokoza za nkhosa zolumala zimene siziloledwa paguwa, ife tonse tikudziwa chimene akuzungulira.

Chaka china mlendo wophunzira kwambiri anafunsa kuti, "A Rebi, bwanji mwadumpha za ukwati wa ansembe?"

"Kuno tinaziphunzira kale," a Rebi anatero. "Tinakhoza tonse."

Mezyana sanakwatiwe. Amuna anabwera, ena a masitolo awo, iye ankawabweza ndi mawu oti akafika kwawo ndiye amve kuwawa. Bambo ake atakalamba anatenga uvuni n'kumauyendetsa yekha. Lachisanu lililonse Fraji ankabwera ndi kamphika kake ka munthu mmodzi, n'kuima pamzere pakati pa amayi.

"Zikondwerero zadutsa, a Kohen?" Mezyana ankafunsa polandira mphikawo, amayi onse akumva.

"Zatsala pang'ono, mayi."

"Ikani apo. Mwathiramo madzi ochepa, zipserera."

Anafunsa chotero zaka zambiri, poyamba moseka, kenako mokwiya, kenako mwachizolowezi chabe. Lachisanu lina sanafunse. Anangolandira mphika n'kuitana wotsatira. Fraji anaima pamenepo kanthawi ngati munthu amene waiwala chinthu, mpaka mayi wina anamukankha ndi chigongono.

Kenako anthu anayamba kuchoka. Afalansa atapita, banja ili linakwera sitima ya ku Haifa, banja ilo ya ku Marseille. Unkangoona zenera latsekedwa ndi matabwa, n'kudziwa kuti Loweruka malo ena akhala opanda munthu. A Rebi Sasi anamwalira. Bishi anatengedwa ndi ana ake akutukwana njira yonse, ndipo mtsuko uja unatsalira munthu wina woyamba kubadwa, monga zimakhalira Mlevi akasowa, amene ankathira madzi osanena kanthu. Fraji anandiuza kuti ndi madzi opanda chipongwe sankamva ngati wasamba.

Mdalitso wa wansembe umafuna amuna khumi. Loweruka lina tinawerengana, n'kupeza kuti sitikukwana. Tinatuma munthu kukagogoda kwa telala wina wodwala miyendo, anabwera atamunyamula pampando, tinakwana. Mwezi wotsatira telalayo anapita kwa mwana wake ku Jerba. Kuyambira pamenepo wotsogolera pemphero akafika pamalo a mdalitso ankangopitirira, ndipo mpukutu sunkatulukanso m'kabati mwake. Fraji anadikira milungu ingapo, monga mwa khalidwe lake, kuti mwina wina abwerera. Palibe anabwerera, m'malo mwake ena awiri anachokanso.

Lamlungu lina m'mawa anasamba, anavala mkanjo woyera, anapesa ndevu zimene tsopano zinali mbuu, n'kupita ku uvuni. Anamupeza Mezyana akukokolola phulusa, atamanga mpango kumutu. Miphika inali itachepa, buledi ankaphikira Aluya oyandikana nawo.

"Lero si Lachisanu," Mezyana anatero osatembenuka.

"Ndikudziwa, mayi. Ndabwera kudzanena kuti... galimoto ya ku Gabesi ija ikumapitabe."

Mezyana anaimika fosholo. Anamuyang'ana kuyambira ku nduwira mpaka ku nsapato, kenako anaseka. Sikunali kuseka kwa nkhanza ayi, ndipo mwina kukanakhala kwa nkhanza kukanapepuka.

"Mwavala bwino, a Kohen. Mwatsala angati m'sunagoge?"

"Asanu ndi awiri."

"Ndiye manja anu alibenso ntchito."

Fraji anabisa manjawo mumkanjo.

"Khalani pansi." Mezyana anamukokera chidebe. "Fraji, ine sindinkadikira mwamuna. Amuna ankabwera, munkawaona. Ndinkadikira munthu woti asiye kanthu chifukwa cha ine. Mukanabwera sunagoge ali wodzaza, n'kunena kuti Mezyana, ndasiya, mwina ine ndemwe ndikanakubwezani. Ndikanati bwererani mukadalitse anthu, wopusa inu. Ndipo ndikanakhala wokondwa mpaka lero. Koma simunabwere. Mwabwera lero zitakusiyani zokha."

"Ndinkaopa Mulungu, mayi."

"Lero mwasiya kumuopa? Lamulo lija lasintha?"

Funso limenelo linamupweteka kuposa onse, chifukwa linali loona. Lamulo linali lomwe lija. Chimene chinachoka ndi anthu omuyang'ana. Anakhala pa chidebe paja, manja ali pamaondo, ndipo kwa nthawi yoyamba anaona bwinobwino chimene anakhala akusunga zaka zonsezo.

"Mwana wa mchemwali wanga wanditumizira mapepala," Mezyana anatero mofatsa. "Ndikupita ku Marseille mwezi wamawa. Akuti kumazizira, ndipo buledi wake ndi wautali ngati ndodo. Imwani tiyi musanapite."

Anamwa tiyi. Anakambirana za mtengo wa nkhuni ndi za bondo la Mezyana. Tsiku lonyamuka, Fraji ndi amene anamanga katundu wake ndi waya pamwamba pa galimoto, ndipo anamanga molimba kwambiri moti woyendetsa anadandaula kuti adzamasula bwanji.

Anakhala ku Tatawini zaka zina zingapo, akukhomera zidebe Aluya, amene ankamukonda ndipo ankamubweretsera ana odwala kuti awagwire pamutu. Ena tinamuuza kuti apite ku Jerba kapena ku Yerusalemu, kumene ansembe amadalitsa tsiku ndi tsiku. Iye anati kumeneko ansembe ndi ambiri ngati mchenga, sakusowa wokhoma zidebe. Loweruka tinkakumanabe, madoda ochepa m'nyumba yaikulu, aliyense pamalo pake pakale, mipata ili pakati pathu. Pemphero likafika paja, wotsogolera ankachepetsa mawu n'kudutsapo msanga. Fraji ankakhala pansi, nsalu ili pamapewa, akuyang'ana khoma.

Tsiku lina potuluka ndinamugwira mkono. Ndinati, "A Kohen, dalitsani ine ndekha, palibe adzadziwe." Ndinkafuna aseke.

"Ulibe manyazi iwe," anatero. "Lamulo silitero."

Anatseka chitseko cha sunagoge, anayesa loko kawiri, ndipo tinatsika msewu pang'onopang'ono, iye patsogolo.